Satanayo Ine Sindinamuone

Mwana wa msuweni wanga anatisiya ali ndi zaka zinayi zokha. Lolemba ankathamangitsa nkhuku pabwalo, Lachiwiri thupi linatentha, Lachitatu anayamba kukomoka, maso ali m'mwamba. Pomwe wakabaza ankafika naye kuchipatala, madzi anali atafika kale m'khosi. Adokotala analemba m'kabuku kuti anali malungo okwera kumutu. Kabukuko ndinakagwira ndi manja anga.

Ndinanyamuka ku Lilongwe m'mawa, n'kufika kumudzi kwathu ku Ntcheu dzuwa litapendeka. Amene munagonapo pamaliro a mwana mukudziwa kulira kwake, sindichita kukuuzani. Chomwe ndikufuna kunena ndi chimene chinayenda m'nyumba ya siwa usiku umenewo, pansipansi, akwaya ali kalikiliki kuimba panja.

"Mwana sangapite chonchi."

"Imfa iyi ili ndi mwini wake."

"Paja Lamulungu agogo aja anamupatsa mbatata yootcha."

Agogo ankanenedwawo ndi alongo awo a malemu agogo anga aamuna. Amasiye, okhala okha kumapeto kwa mudzi pafupi ndi dimba lawo. Ana awo onse anapita m'zaka za m'ma 1990, nthawi ija Edzi inkasesa midzi yathu mankhwala otalikitsa moyo asanabwere. Koma usiku umenewo ngakhale umasiye wawo unasanduka umboni. Wina ananong'ona kuti, "Nanga ana awo anapita kuti? Si anawamaliza okha?"

Tambala asanalire, anyamata anachoka pamoto mwakachetechete. Tinangomva miyala ikulira pachitseko, kenako kuwala kwa moto. Ine ndi azakhali tinathamangira kukadzutsa anyakwawa. Pofika, tinapeza khitchini ya agogo ikuyaka, iwo atakhala pansi, mpango utagwa, magazi akutsika pamphumi n'kulowa m'diso. Sankalira. Anyakwawa ndi madoda awiri anaima pakati, anyamata aja n'kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi.

Amene anali patsogolo pa gululo anali mkulu wa kwaya. Munthu yemweyo amene madzulo ake ankatsogolera nyimbo zachitonthozo. Munthu yemweyo amene zaka zapitazo ananyamula bambo anga panjinga pakati pa usiku kupita nawo kuchipatala, n'kukana ngakhale ya sopo.

Pabwalo la anyakwawa

Agogo anakakhala kwa achibale kumudzi wina mpaka bala linapola. Kenako anyakwawa anaitanitsa bwalo, akuluampingo nawo anabwera. Ndinabwerera kumudzi chifukwa cha tsiku limenelo.

Mkulu wa kwaya uja anagwada patsogolo pa agogo, chipewa chili m'manja, misozi ili chuchuchu. Sindikukayika kuti inali misozi yeniyeni. Anati, "Mfumu, agogo, ndikhululukireni. Sindinali ine ayi. Ndi Satana anatilowa usiku uja."

Bwalo lonse linapumira m'mwamba. Amayi anavomereza, "Eee, mdyerekezi ngochenjera." Mkulu wampingo anagwedeza mutu. Zinkaoneka kuti nkhani yapeza pothera pabwino: wolakwa wapezeka, ndipo wolakwayo si wa m'mudzi muno, sadzafunika kulipa mbuzi, sitidzakumana naye pachitsime.

Agogo anatenga nthawi. Anakonza chitenje pamaondo, n'kumuyang'ana mnyamata uja kumaso.

"Mwanawe, Satanayo ine sindinamuone. Kunali mwezi, kunali moto, maso angawa akadaona. Ndinaona iweyo. Ndinakubereka kumsana amako atagonekedwa kuchipatala. Mwala unali m'dzanja lako lamanja."

Panalibe wotsokomola.

"Ndikhululukira iwe, poti ndiwe unandigenda. Dzuka."

Mawu amenewa sandichoka m'mutu. Agogowa ndi munthu wopemphera, sanakane kuti Satana aliko. Anangokana kuti dzina lake lifafanize dzanja limene iwo analiona. Ndipo chikhululuko chawo chinali cholemera kuposa chimene bwalo linali litakonzeka kupereka, chifukwa chinafikira munthu amene anachitadi chinthucho.

Pambuyo pake ndi pomwe azakhali anandiuza za dimba. Banja la mkulu wa kwaya uja linali litapempha kangapo kuti agogo awagawire dimba lija, poti okalamba sangalime lonse. Agogo anakana. Sindikunena kuti munthuyo anakhala pansi n'kukonza chiwembu. Ndikunena kuti pamene chisoni chinkafuna dzina, dzina la agogo linali kale pafupi ndi lilime, litakhala mumtima nyengo ziwiri likufufuma.

Chala chathu chimaloza kutali

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikumvetsera mmene timayankhulira za choipa, ndipo ndaona kuti pafupifupi nthawi zonse timachiika kunja kwa ife. Chimachokera kwa Satana, kwa mfiti, kwa alendo, kwa a chipembedzo china. Chimabwera usiku, chimalowera padenga.

Si zachilendo m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1930 kunabuka mchape, wochokera cha ku Mulanje, n'kufalikira mpaka ku Zambia, Tanzania ndi Mozambique wa lero. Anthu ankafola pamzere, woyeza akuwayang'ana pakagalasi, n'kumwa mankhwala, ena n'kupereka nyanga zawo. Lonjezo linali lakuti ufiti utha, imfa zosadziwika bwino zitha. Ana anapitirira kufa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anthu ankayenda mitunda italiitali kupita kwa Chikanga, sing'anga wotchuka wosaka mfiti ku Rumphi, ndi chiyembekezo chomwecho. Ana anapitirirabe kufa, chifukwa udzudzu sunamwe nawo mchape.

Mu Januwale 2016 ku Neno mphezi inapha mtsikana. Pasanapite nthawi, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe, ati ndiwo anatumiza mpheziyo. Mu 2017 kunamveka za anamapopa ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu anatchinga misewu, kugona panja ndi zibonga, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene anasonyezedwa poyera ali ndi ndowa ya magazi. Koma mitembo ya anthu ophedwa ndi magulu osaka anamapopawo inalipo, ndipo mmodzi mwa iwo anali mnyamata wodwala khunyu amene anatenthedwa ku Blantyre.

Mukaziika pamodzi nkhani zimenezi, chinthu chimodzi chimabwerezabwereza. Choipa chimene tinkachiopa sitinachione. Choipa chimene chinaoneka ndi maso, chokhala ndi manda ake, chinachitidwa ndi anthu amene ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akulimbana ndi choipa.

Makolo sanathawire kutali

Ena amati kuloza mfiti ndi chikhalidwe chathu, ndiye tisachinyoze. Koma makolo omwewo anatisiyira nkhani zina zimene zimayankha funsoli mwanjira ina.

Taganizirani nkhani ya pa Kaphirintiwa, kumapiri a Dzalanyama. Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu anapekesa timitengo tiwiri, moto n'kubuka, tchire lonse n'kuyaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, nyama zina zinathawira kuthengo zili ndi mkwiyo umene sunathe mpaka lero. Bilimankhwe anakwera mumtengo, kangaude anapota ulusi, Chauta n'kukwera nawo kumwamba, ndipo kuchokera pamenepo munthu anayamba kufa. M'nkhani yonseyi mulibe mfiti, mulibe mdani wochokera kutsidya. Muli munthu ndi manja ake, ndi nzeru zake zomwe, zimene zinamupatsa moto wophikira n'kumulekanitsa ndi Mlengi wake pa tsiku limodzi.

Nkhani ya Mbona, amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, imanenedwa mosiyanasiyana, koma pakati pake pamakhala njiru. Munthu wodziwa kuitana mvula anadedwa ndi akuluakulu amene iye anawaposa, anasakidwa, anaphedwa. Amene amakumbukiridwa ndi kupatsidwa ulemu ndi wophedwayo. Makolo amene anasunga nkhaniyi ankadziwa bwino kuti gulu likhoza kunamizira munthu wosalakwa, ndipo linatero kale.

Ngakhale pa nkhani ya ufiti weniweniwo, akuluakulu sankanena kuti mfiti ndi cholengedwa cha mtundu wina. Ankati ndi mbale wako amene kaduka kamudya. Gwero lake ankaliika mumtima. Ngati ndi choncho, ndiye kuti usiku uja kwathu kaduka kanali mbali ya ogenda, osati ya ogendedwa.

Zimene mabuku oyera amanena, tikawawerenga mpaka kumapeto

Timakonda Genesis 3 chifukwa muli njoka. Koma tawerenganinso. Adamu atafunsidwa analoza mkazi, mkazi analoza njoka, ndipo Mulungu sanavomere kuti mlandu uthere pa njoka. Onse atatu analandira gawo lawo. Mutu wotsatira ndi umene umandigwira kwambiri. Kaini nkhope yagwa chifukwa nsembe ya mng'ono wake yalandiridwa. Njoka simo m'mutu umenewu. Mulungu akumuchenjeza kuti tchimo lamubisalira pakhomo, likumufuna, koma iye ayenera kuligonjetsa. Kupha koyamba m'Baibulo kunachitika kumunda, pakati pa ana a mimba imodzi, pa nkhani ya nsanje.

Yesu pa Maliko 7 anatchula zoipa mndandanda, kuba, kupha, chigololo, kaduka, kudzikuza, n'kunena kuti zonsezi zimatuluka m'kati, mumtima wa munthu. Yakobo m'mutu woyamba wa kalata yake akuti munthu amayesedwa pokokedwa ndi chilakolako chake chomwe, chilakolakocho chimaima n'kubala tchimo.

Mnzanga wa kuntchito, Msilamu wa ku Mangochi, nditamufotokozera za bwalo lija anandisonyeza ndime ya mu Qur'an, Sura 14 ndime 22. Pamenepo Satana, chiweruzo chitatha, akuwauza anthu amene anamutsatira kuti iye analibe mphamvu pa iwo, anangowaitana iwo n'kuvomera, choncho asadzudzule iye koma adzidzudzule okha. Mnzangayo anati, "Achemwali, agogo anuwo ananena zomwezi, kungoti sanawerenge Chiarabu." Ndinakhala chete kwa kanthawi. Zipembedzo ziwiri zikuluzikulu za m'dziko muno zimavomereza kuti woyesa alipo, ndipo zonse ziwiri zimakana kuti iye asenze mlandu wa dzanja lako.

Munthu wina amene analimbana ndi funsoli moyo wake wonse anali wa kuno ku Africa. Augustine anabadwa m'chaka cha 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria, ndipo anamwalira mu 430 ali bishopu wa ku Hippo. Ali mnyamata anakhala zaka pafupifupi 9 m'gulu la otsatira Mani, amene ankaphunzitsa kuti pali mphamvu ziwiri zosatha, ya kuwala ndi ya mdima, zolimbana m'kati mwa munthu. Augustine mwini anadzavomera pambuyo pake chimene chinkamukoka ku chiphunzitsocho: chinkamulola kuganiza kuti wochimwa si iye, koma chinthu china chokhala mwa iye. Zaka zoposa 1,600 zapita, koma ndi mawu omwe aja a pabwalo lathu. Sindinali ine ayi.

Atachoka m'gululo anafika pa ganizo lakuti choipa sichinalengedwe, chilibe thupi lakelake, ndi kuwonongeka kwa chinthu chabwino. Chili ngati nankafumbwe, amene alibe munda wake, amangodya chimanga chimene wina analima bwino. Augustine anakumbukiranso mmene ali ndi zaka 16 anaba zipatso za mumtengo wa mnansi pamodzi ndi anzake, osati chifukwa cha njala, poti zambiri anakaponyera nkhumba. Ndipo ananena kuti akanakhala yekha sakanachita.

Mfundo ziwirizi zimandithandiza kumvetsa mkulu wa kwaya uja popanda kumusandutsa chilombo. Zimene zinamudzutsa pamoto paja sizinali zoipa zokhazokha. Munali chikondi cha pa mwana womwalirayo, munali mtima wofuna kuteteza ana otsala, munali kumvera gulu kumene masiku ena kumamanga milatho ndi kukumba manda a anzathu. Zabwino zomwezo ndi zimene zinafumbwa. Timanyadira kuti kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu, ndipo ndi zoona. Koma usiku uja aliyense mwa anyamata aja akanakhala yekha sakanagenda gogo amene anamulera. Anatha kutero chifukwa anali ambiri.

Nanga mwanayo?

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa wina afunsa, ndipo afunsa bwino. Chabwino, mwala unachokera mumtima wa munthu. Nanga malungo aja anachokera mumtima wa yani? Mwana wa zaka zinayi analakwira ndani?

Funso limeneli ndi lolemera kuposa loyamba lija, ndipo ndimakayikira aliyense amene amaliyankha mwachangu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira mabanja ku Chilobwe ali m'tulo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Tikhoza kunena za mitengo imene inatha m'mapiri, za umphawi umene umakankhira anthu kumanga m'malo otsetsereka, za utsi wa mafakitale a maiko olemera umene ukutenthetsa nyanja. Zonsezo ndi zoona, ndipo zikusonyeza kuti ngakhale m'masoka achilengedwe dzanja la munthu limapezekamo. Chimodzimodzi malungo: mtunda wa kuchipatala, neti yong'ambika, ndalama ya kabaza imene inachedwa kupezeka. Komabe ukachotsa zonsezo pamatsala kanthu kena kosayankhika. Mvula inagwa pa olungama ndi osalungama, ndipo khanda limene linakokoloka silinadule mtengo.

Chimene ndimachipeza m'Malemba pa malo amenewa ndi kukana kobwerezabwereza kuti tsoka lisandutsidwe mlandu wa munthu. Ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona pa Yohane 9 anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake. Yesu anati palibe. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kukana kuti iwowo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Anzake atatu a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu. Atatsegula pakamwa kuti apeze wolakwa, analakwitsa, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu anawadzudzula iwowo, osati Yobu amene ankadandaula mokweza.

Ndi chifukwa chake ndimasiyanitsa zinthu ziwiri zimene zinachitika kwathu sabata ija. Imfa ya mwana inali tsoka, lowawa koopsa, ndipo ndilibe mawu olifotokozera mpaka pansi. Choipa chinayamba pamene tinalephera kupirira tsoka lopanda nkhope, n'kulipatsa nkhope ya munthu wofooka kuposa tonse. Ndipo taonani amene amasankhidwa. Si mwini golosale, si mwana wa mfumu, si munthu wokhala ndi ana aamuna asanu pakhomo. Ndi gogo wamasiye, ndi wodwala khunyu, ndi mlendo wosadziwa njira.

Pamene palibe ngakhale chisoni

Pali mtundu wina wa choipa umene ulibe ngakhale chophimba cha maliro. Mu 2018 mnyamata wachialubino anaphedwa ku Machinga chifukwa cha mafupa ake. Mu 2022 Khoti Lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yokhudza imfayo. Pakati pawo panali mchimwene wake weniweni wa malemuyo, wansembe, wapolisi ndi wogwira ntchito zachipatala. Banja, tchalitchi, boma, chipatala: malo onse anayi amene munthu woopsezedwa angathawireko anali ndi munthu wake pamlanduwo.

Ndikamaganiza za mlandu umenewu sindipeza mzimu wachilendo. Ndimapeza dyera, ndi bodza lakuti fupa la munthu limabweretsa chuma, ndi kachizolowezi kakang'ono kamene kamayamba kalekale, kosiya kumuona munthu ngati munthu. Asanaphedwe ndi mpeni, anthu achialubino amayamba aphedwa ndi maina amene timawaitanira pamsewu, ena mpaka kuwatcha ndalama akamadutsa. Gogo asanagendedwe, amayamba wakhala zaka akunong'onedwa, ana akuletsedwa kulandira chakudya chake. Pofika tsiku la mwala, ntchito yaikulu imakhala itagwiridwa kale ndi anthu ambiri amene sadzagwira mwala m'moyo wawo wonse.

Kwa abusa ndi aneneri athu

Ndine Mkhristu, ndipo ndikulemba izi ndili m'kati mwa mpingo. Chimene chikundiwawa masiku ano ndi mapemphero a usiku m'matauni mwathu, momwe mtsikana wosowa ntchito kapena mayi wopita padera amaitanidwa kutsogolo n'kuuzidwa pa maikolofoni kuti, "Pali gogo wina kumudzi kwanu wamanga tsogolo lanu." Mneneri amanena zimenezi Lachisanu usiku ku Lilongwe, anthu n'kuwomba m'manja. Loweruka m'mawa foni imalira kumudzi. Mneneriyo sadzamuona gogoyo, sadzamva fungo la udzu wa khitchini ukupsa, ndipo akadzamva kuti kwachitika zoopsa adzati ndi ntchito za mdyerekezi.

Lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo m'dziko muno, ndipo limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ambiri amadana nalo, amati ndi la atsamunda amene sankadziwa za kuno. Pali zambiri za atsamunda zimene nanenso ndimadana nazo. Koma gawo limenelo ndimaliikira kumbuyo, chifukwa limagwira pakamwa, pamene mwala umayambira. Mabungwe oona za okalamba monga MANEPO akhala akudandaula chaka ndi chaka za agogo ophedwa pa nkhani zimenezi, ndipo kawirikawiri omangidwa amakhala anyamata ogenda, pamene sing'anga kapena mneneri amene anatchula dzina amapitiriza ntchito yake, mzere wa anthu uli pakhomo.

Abusa, mukamalalikira za Satana lalikirani, ali m'Malemba. Koma mukafika pa munthu wogwada amene akuti sanali iye, musamuthandize kuthawa. Mufunseni za dimba. Mufunseni kuti dzina la gogoyo analimva koyamba kwa yani, ndipo iye analinena kwa angati. Ndipo mukaitanidwa kukalalikira pamaliro a mwana, pemphani kabuku ka kuchipatala kwa mwini mbumba, mufunse chilolezo cha makolo, muwerenge mokweza chimene adokotala analemba, anthu asanagone m'nyumba ya siwa.